MFUMU IMENE INAOPA KULANKHULA



Nkhani yathu ya lero ndi ya munthu amene anaima nji pakati pa mizinga pa nkhondo ya panyanja, mtima uli m'malo, koma akamuimika pamaso pa anthu kuti anene mau owerengeka okha, thukuta linali kamu-kamu, kukhosi gwa. Munthuyo ndiye George VI, amene anali Mfumu ya Britain kuyambira caka ca 1936 kufikira 1952. Akulu-akulu ena pakati panu akumbukira nkhope yace, pakuti inali pa ndalama ndi pa masitampa masiku aja maiko athu ano anali kuchedwa Nyasaland ndi Rhodesia. Za ulamuliro wa Angelezi m'maiko muno, ndi umo unathera, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Lero tifuna kuona munthu mwini wace, mantha amene anali nao, ndi anthu atatu amene anamgwira dzanja kufikira anatha kuima yekha.

UBWANA WACE

Anabadwa pa 14 December, 1895, ku Sandringham m'dziko la England, ndipo anamucha dzina lace Albert. Dzina la George analitenga pambuyo pace, polowa ufumu. Iye anali mwana waciwiri, cotero panalibe munthu amene anayembekeza kuti adzakhala mfumu, popeza mpando unali kudikira mkulu wace, Edward. Edwardyo anali mnyamata wocangamuka, wodziwa kuceza, wokondedwa ndi anthu kuli konse. Koma Albert anali wofatsa ndi wamanyazi, wosacedwa kulira.

Ife tikamva za mwana wa mfumu tiganiza kuti ndi mwana wokulira m'mtendere wokha-wokha. Kwa Albert sikunatero ai. Mlezi amene anamsunga ali wamng'ono sanamsamale bwino pa kadyedwe, ndipo anayamba kubvutika m'mimba, nthenda imene inamtsata kufikira atakula. Maondo ace anali ogundana, motero anali kum'manga miyendo ndi zoongolera, usana pophunzira ndi usiku pogona. Anabadwa wamanzere, koma anamkakamiza kulemba ndi dzanja lamanja, monga anali kucitira aphunzitsi ambiri masiku amenewo, ngakhale kuno kwathu. Pofika zaka 7 kapena 8 anayamba cibwibwi.

Atate wace, amene anadzakhala George V, anakulira m'zombo za nkhondo, ndipo anazolowera kulamula ndi kuyankhidwa msanga. Ana ace anawakonda, koma anali waukali. Mwana akakakamira pa liu, atate anali kutaya mtima namuuza kuti alitulutse msanga liulo. Koma yense amene analerapo mwana wacibwibwi adziwa kuti kumfulumiza ndiko kumtseka pakamwa.

Tisanapitirire, tiyambe tamvetsa cibwibwi cimene. Kale anthu anali kunena zambiri. Ena ankati ndi kupusa, ena ankati mwana anaopsedwa ali khanda, ena ankati wacita kulodzedwa. Masiku ano ophunzira za thupi la munthu apeza kuti gwero lace liri m'kagwiridwe nchito ka ubongo pamene ulinganiza mau, ndiponso kuti kawiri-kawiri cimatsata mtundu. Pa ana 100 ali onse, ngati 5 amacita cibwibwi pa nthawi ina ya ubwana wao. Ambiri cimawacoka cokha, koma pa akulu 100 mmodzi amakhala naco, ndipo cimagwira amuna kopambana akazi. Nzeru za munthu sicizikhudza konse. Mantha sindiwo abala cibwibwi, koma ndiwo acikuza. Munthu akadodoma lero anthu namseka, mawa ayamba kuliopa liu lomwelo lisanafike. Poopapo khosi liuma, mpweya uthawa, ndipo adodoma koposa dzulo. Umenewu ndiwo msampha umene unakola Albert.

WOYAMBA: DOTOLO WA KU SCOTLAND

Ali ndi zaka 13, m'caka ca 1909, anamtumiza ku sukulu ya asilikari a panyanja ku Osborne. Kumeneko aphunzitsi akamfunsa anali kungokhala duu, yankho ali nalo m'mutu, poopa kuti anzace amseka. Motero anamuyesa wopanda nzeru, ndipo pa mayeso otsiriza, mwa anyamata 68 iye anakhala wa 68. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mnyamatayu anali pa njira yomweyo.

Koma ku sukulu komweko anadwala cifuwa cokoka mtima, ndipo amene anamsamala anali dotolo wacinyamata wa ku Scotland, dzina lace Louis Greig. Greig anali wamkulu kwa iye ndi zaka 15, munthu wamphamvu ndi wanthabwala, amene anasewerapo mpira wa rugby m'gulu loimira dziko lace. Ena anali kumgwadira Albert cifukwa anali mdzukulu wa mfumu, ena anali kum'mvera cisoni cifukwa ca lilime lace. Greig anangomtenga monga mng'ono wace, naseka naye, namdzudzula polakwa, namuyamika pokhoza. Ubwenzi umenewu unakhala zaka zambiri.

Nkhondo yaikulu yoyamba itabuka, Albert anali m'combo ca nkhondo cochedwa Collingwood. Pa 31 May, 1916, zombo za Angelezi ndi za Ajeremani zinakomana pa nyanja pafupi ndi Jutland. Tsiku limenelo iye anali gone ndi m'mimba. Koma pomva kuti adani aoneka anadzuka, napita pa malo ace ku mizinga, nakhala pomwepo kufikira nkhondo inatha. Angelezi oposa 6,000 anafera pa nkhondoyo, ndipo dzina la Albert linalembedwa pamodzi ndi a iwo amene anagwira bwino nchito yao.

Pamenepa pali cinthu coti ticiganizire. Tizolowera kugawa anthu pawiri, olimba mtima ndi amantha, monga ngati mantha ndi khungu limene munthu abadwa nalo. Koma nonse mudziwa mlenje amene saopa njati, namanjenjemera akaitanidwa kukapereka umboni pa bwalo la milandu. Munthu ali yense ali ndi pace pomwe pamgwira.

M'caka ca 1917 nthenda ya m'mimba inakula, ndipo Greig ndiye anamlimbitsa mtima kuti alole madotolo am'ng'ambe. Anacira. Mu 1919 anaphunzira kuyendetsa ndege, Greig ali naye. Anali kusewera pamodzi tenesi, Albert akumenya ndi dzanja lace lamanzere lija analetsedwa kulembera, ndipo mu 1926 awiriwa anakasewera pa mpikisano wochuka wa ku Wimbledon, ngakhale anagonja pa masewera oyamba. Cibwibwi Greig sanacicize, pakuti sanadziwe mankhwala ace. Nchito yace inali kumuonetsa mnyamata wozolowera kulephera kuti ziripo zinthu zimene akhoza.

WACIWIRI: MKAZI WACE

Mu 1920 atate wace anampatsa udindo wa Duke wa York. Nchito yace tsopano inali kuyendera migodi ndi mafakitale, kutsegula nyumba zatsopano ndi kulandira alendo, ndipo pali ponse anthu anali kuyembekeza kuti anenepo mau. Caka comweco anakondana ndi mwali wa ku Scotland, Elizabeth Bowes-Lyon. Anamfunsira kawiri, ndipo kawiri konse mwaliyo anakana, poopa moyo womangika wa ku nyumba ya mafumu. Albert sanaleke. Kacitatu, mu January 1923, anabvomera, ndipo anakwatirana pa 26 April caka comweco. Mkaziyu anali ndi mphatso imene apongozi ace analibe, ndiyo kudikira. Mwamuna wace akakakamira pa liu pamaso pa anthu, iye anali kukhala phee, nkhope yosasinthika, monga ngati palibe cacilendo, kufikira liu linatuluka.

Tsiku lowawa koposa linali la 31 October, 1925. Ku Wembley, m'mbali mwa London, kunali cionetsero cacikulu ca zinthu zocokera m'maiko onse amene Britain anali kulamulira, ndipo Albert, monga mkulu wa cionetseroco, anayenera kunena mau ocitsekera. Anthu zikwi-zikwi anadzaza bwalo. Mau ena anatuluka, ena anakana. Milomo inali kugwedezeka popanda liu, ndipo makina okuza mau anakuzanso kudodoma kwace, kotero kuti panalibe amene sanamve. Analimbika kufikira anatsiriza, koma anthu anazyolika ndi cisoni, ndipo iye anabwerera kwao wosweka mtima.

Bvuto linakula cifukwa kutsogolo kunali ulendo. Dziko la Australia linali kumanga mzinda wace watsopano wa boma, Canberra, ndipo Albert ndiye anasankhidwa kukatsegula Nyumba ya Malamulo kumeneko mu 1927. Anali atapita kale kwa akatswiri angapo osapindula kanthu, ndipo sanafune kukacitanso manyazi kwa wina. Mkazi wace ndiye anamdandaulira kuti ayese kamodzi kokha.

WACITATU: MPHUNZITSI WA KU AUSTRALIA

Munthu amene anapitako anali Lionel Logue, wobadwira ku Adelaide m'dziko la Australia pa 26 February, 1880. Logue sanali dotolo, ndipo analibe kalata ya sukulu ya mankhwala. Anali mphunzitsi wa kalankhulidwe, amene naye anaphunzira luso lace pa mapazi a munthu wina, Edward Reeves. Ali kukhala ku Perth, asilikari anayamba kubwera kucokera ku nkhondo, ena osatha kulankhula cifukwa ca zoopsa zimene anaziona. Logue anakhala nao pansi, nawaphunzitsa kupuma bwino ndi kuchula mau pang'ono-pang'ono, ndipo ena anayambanso kulankhula. Kwa asilikari amenewa anaphunzira kuti munthu amene mau amthawa asowa bwenzi lomkhulupirira, pamodzi ndi maphunziro a lilime. Mu 1924 anasamukira ku London ndi banja lace, ndipo mu 1926 anatsegula cipinda cace pa nambala 146 mu msewu wa madotolo wochedwa Harley Street. Olemera anali kuwalipitsa zambiri kuti athe kuthandiza osauka kwaulere.

Anakomana pa 19 October, 1926, nthawi ya 3 koloko masana. Logue analemba pambuyo pace kuti analowa munthu woonda, wofatsa, wa maso otopa, wooneka kuti wataya ciyembekezo. Koma potuluka, patapita maora awiri, ciyembekezo cinaoneka kuti cabwerera mumtima mwace. Kodi m'maora awiriwo munacitika ciani?

Coyamba, Logue sanalole kupita ku nyumba ya Duke. Anati wodwala adze kwa iye monga adza anthu ena onse, pakuti mphunzitsi amene ali kunjenjemera pamaso pa wophunzira wace sangathe kumcotsa mantha. Caciwiri, anamuuza kuti bvuto lace silinali la misala kapena la kucepa nzeru, koma la kapumidwe: kholingo ndi mnofu uja wa pansi pa mapapo umene ukoka mpweya sizinali kugwirizana. Masiku ano tidziwa kuti cibwibwi ciri ndi mizu yakuya koposa pamenepo. Komabe kwa munthu amene kuyambira ubwana anadziyesa wolakwa, kumva kuti ici ndi cinthu ca m'thupi cimene munthu angacigwirire nchito kunali ngati kumtula katundu. Cacitatu, sanamnamize. Anamuuza poyera kuti kupambana kudzadalira khama la mwini wace.

Ndipo nchito inayamba. Tsiku liri lonse Albert anapatula ora lathunthu. Anali kugona pansi kuphunzira kukoka mpweya ndi mimba, kucukuca kukhosi ndi madzi ofunda, kuima pa zenera lotsegula ndi kukoka liu limodzi nthawi yaitali, ndi kubwereza mau opinda lilime, onga aja ana athu amapikisana nao madzulo pa moto. Kuyambira October 1926 kufikira December 1927 anaonana ndi Logue nthawi 82. Mkazi wace anali kupita naye kawiri-kawiri, nakhala pambali, naphunzira zonse kuti akamthandize kunyumba. Posacedwa Albert analembera atate wace kuti akadakonda akadampeza kale munthuyu, ndi kuti popeza tsopano wadziwa kapumidwe koyenera, mantha ace a kulankhula adzatha.

Mu January 1927 anakwera combo ca Renown kunka ku New Zealand ndi Australia. Logue anatsala ku London. Pa ulendo wonse wa panyanja mkazi ndiye analowa m'malo mwa mphunzitsi, ndipo sanalole kuti tsiku lipite pacabe. Pa 9 May, 1927, Albert anaima pa khomo la Nyumba ya Malamulo ku Canberra, nalankhula pamaso pa khamu, mau ace ali omveka, osakakamira monga ku Wembley. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Atabwerako anapeza kuti akhoza kuceza ndi atate wace osaopa, ndipo kunamveka kuti nkhalambayo m'masiku ace otsiriza inanena kuti Albert anali wolimba mtima kopambana abale ace onse pamodzi.

MPANDO UMENE SANAUFUNE

Nkhani ikadathera pamenepa bwenzi dziko litamuiwala. Koma George V anamwalira pa 20 January, 1936, ndipo Edward analowa ufumu. Edward anafuna kukwatira mai wa ku America, Wallis Simpson, amene anali atasudzulana ndi mwamuna mmodzi ndipo anali kusudzulana ndi waciwiri. Boma ndi akulu a chalichi anakana. Pa 11 December caka comweco Edward anatula pansi ufumu, ndipo katundu anagwera mng'ono wace. Albert mwini analemba kuti atadziwa zimenezi anapita kwa amai wace nalira ngati mwana. Anadandaula kuti iye anali msilikari wa panyanja cabe, wosaonapo makalata a boma.

Tikumbukire kuti nthawi imeneyo wailesi inali italowa m'nyumba za anthu. Mafumu akale anali kungooneka patali atakwera pa kavalo, ndipo zinali zokwanira. Koma George V anali atayamba mu 1932 mwambo wolankhula kwa anthu pa wailesi tsiku la Khrisimasi, ndipo tsopano anthu anafuna kumva liu la mfumu yao. Patangopita masiku awiri, Bishopu wamkulu wa ku Canterbury, Cosmo Lang, ananena pa wailesi za kudodoma kwa mfumu yatsopano. Anafuna kuthandiza, koma anangoonjeza mphekesera, ndipo m'London munamveka manong'onong'o akuti munthuyu sadzatha ngakhale kulumbira pa tsiku lobvekedwa cisoti.

Mfumu inaitana Logue. Anayeserera mau a lumbiro mobwereza-bwereza, m'nyumba ndi m'chalichi momwe. Logue anali kutenga pepala la mau a Mfumu nalemba timizere posonyeza popumira. Akapeza liu lokhumudwitsa, makamaka loyamba ndi k kapena g, anali kufuna lina la tanthauzo lomwelo. Anapezanso kuti Mfumu ilankhula bwino iri ciimire, motero anaikonzera tebulo lalitali. Pa 12 May, 1937, George VI anabvekedwa cisoti ku Westminster Abbey, nayankha mafunso a lumbiro momveka. Madzulo ace analankhula pa wailesi kwa maiko onse, Logue ali naye m'cipinda.

MASIKU A NKHONDO

Pa 3 September, 1939, Britain analowa nkhondo ndi Germany. Madzulo a tsikulo, nthawi ya 6 koloko, Mfumu inayenera kuuza anthu ace kuti kwa nthawi yaciwiri m'moyo wa ambiri a iwo nkhondo yafika. Anthu mamiliyoni anachera khutu. Ku Germany kunali Hitler, munthu amene mphamvu yace inali pakamwa, wobangula pamaso pa makamu. Ku London kunali munthu wolankhula pang'ono-pang'ono, wopumira pakati pa mau, amene yense anadziwa kuti liu liri lonse ali kulilimbana. Analankhula kufikira kumapeto. Ndipo cinthu cimene iye anaciyesa camanyazi cinasanduka mphamvu, pakuti anthu amantha, pomva munthu amene ali kugonjetsa mantha ace m'makutu mwao momwe, anaona kuti iwonso akhoza kupirira.

Mabomba atayamba kugwa pa London, Mfumu ndi mkazi wace anakana kuthawira kunja kwa dziko. Pa 13 September, 1940, mabomba anagwa pa nyumba yao ya Buckingham Palace iwo ali momwemo, ndipo anapulumuka mwa mwai. Anali kuyendera anthu amene nyumba zao zinagumuka. Mwezi womwewo Mfumu inakhazikitsa mendulo ya George Cross, yopatsa makamaka anthu wamba amene aonetsa kulimba mtima pa ngozi. Mu 1942 mng'ono wace, Duke wa Kent, anafa pa ngozi ya ndege. Mu 1943 inapita kukaona asilikari kumpoto kwa Africa ndi pa cilumba ca Malta, ndipo mu June 1944 inaolokera ku Normandy, patangopita masiku 10 cifikire asilikari kumeneko. Mwa amene anamenya nkhondo imeneyo m'dzina lace munali amuna a kuno kwathu, a King's African Rifles ndi a Northern Rhodesia Regiment, amene anakafika ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma.

Zaka zonsezi, pakakhala mau akulu a pa wailesi, Logue anali kuitanidwa. Koma pa Khrisimasi ya 1944 Mfumu inamuuza kuti caka cino akadye cikondwerero ndi banja lace, pakuti ifuna kuyesa yokha. Logue anamvera pa wailesi kunyumba kwace monga anthu ena onse. Itatha kulankhula anaimba lamya, nanena moseka kuti nchito yace yatha. Ndipo Mfumu inayankha kuti siinathe, cifukwa kukonzekera kumene acitira pamodzi ndiko kucititsa zonse. Panali patapita zaka 18 cikomanire pa Harley Street.

Mu 1947 Mfumu ndi banja lace anadza ku Africa kuno. Inatsegula Nyumba ya Malamulo ku Cape Town ndi ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, nifika ku Livingstone pa mtsinje wa Zambezi. Koma thupi linali litatopa, ndipo fodya amene inasuta moyo wace wonse anaononga mapapo. Mu September 1951 madotolo anacotsa papo limodzi. Inamwalira iri m'tulo ku Sandringham pa 6 February, 1952, iri ndi zaka 56. Mkazi wace analembera Logue kuti iye adziwa koposa wina ali yense umo anathandizira Mfumu, pa kalankhulidwe ndi pa moyo wace wonse. Logue naye anamwalira pa 12 April, 1953. Makalata ndi mabuku ace a tsiku ndi tsiku anasungidwa ndi banja lace, ndipo mu 2010 mbiri ya anthu awiriwa inaonetsedwa m'kanema wochedwa The King's Speech.

CIMENE TITOLAPO

Tinene zoona: cibwibwi ca George VI sicinathe konse. Amene amvapo mau ace osungidwa a tsiku lotha nkhondo ku Ulaya, pa 8 May, 1945, adziwa kuti anali kudodomabe. Cimene cinasintha ndi cakuti cibwibwico cinaleka kumlamulira. Akulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, ndipo ananena zoona, pakuti alipo mantha opulumutsa, onga kuopa ng'ona pa dooko. Koma alipo mantha ena amene samteteza munthu ku kanthu, angom'mangira m'nyumba nchito yace iri kumdikira pabwalo. Amenewa ndiwo oyenera kulimbana nao, ndipo ndi anthu owerengeka amene alimbana nao okha napambana. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu.

Taonani umo anthu atatu aja anagawanirana nchito. Greig anampatsa citsanzo ca munthu wosaopa, nakhala naye pafupi kufikira mnyamata anayamba kumtsanzira. Mkazi wace anampatsa nthawi, namkankhira kwa mphunzitsi pamene iye anali atataya mtima. Logue anampatsa luso la tsiku ndi tsiku, namuuza zoona, ndipo nthawi itakwana anacoka m'cipinda. Panalibe mmodzi wa iwo amene anamlankhulira. Pa Canberra, pa Westminster ndi pa wailesi, pakamwa potsegulapo panali pace. Ndipo iye amene anathandizidwa anasanduka citsanzo kwa ena: mwana wace Elizabeth, amene anaona zonsezi ali mtsikana, anasenza udindo womwewo zaka 70 kufikira 2022.

Tsono mau anga otsiriza apite kwa inu makolo ndi aphunzitsi. Kapena m'nyumba mwanu kapena m'kalasi mwanu muli mwana wacibwibwi, kapena wina amene angokhala duu kumbuyo yankho ali nalo. Musamfulumize, musamtsirizire mau, ndipo musalole anzace kumtsanzira. Muyang'aneni ndi nkhope yofatsa, nimudikire. Funani cinthu cimodzi cimene akhoza, kaya ndi mpira, kaya ndi kuyimba, kaya ndi kusema, nimumuyamike pa cimeneco pamaso pa anzace. Ndipo inu amene muli ndi mantha anu-anu, kaya a kulankhula pa msonkhano, kaya a mayeso, kaya a kukaonana ndi dotolo, yang'anani m'mudzi mwanu munthu amene anadzera njira imeneyo, mupite kwa iye, mumuuze. Albert anapita kwa Logue ali ndi zaka 30, atalephera kwa ambiri, ndipo cimene anadandaula naco pambuyo pace ndi cakuti sanapite kale.

Tsalani bwino.